Kutaya Magazi M'mimba ndi M'matumbo: Zoyambitsa, Zizindikiro ndi Kapimidwe Kake

CHADIZA – Munthu akadzitema ndi khasu kumunda, magazi amaonekera poyera ndipo aliyense amene ali pafupi amathamangira kumanga balalo. Koma pali kutaya magazi kwina kumene kumacitikira mkati mwa thupi, m'njira imene cakudya cimadutsa. Nthawi zina kumabwera mwadzidzidzi, munthu nayamba kusanza magazi. Nthawi zina kumacitika pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, mwini wake osadziwa, kufikira mphamvu zitamuthera.

Kwa anthu a m'boma la Chadiza, m'cigawo ca Kum'mawa, nkhaniyi ndi yaikulu cifukwa ca mtunda. Ambiri amakhala m'midzi ya mafumu Mlolo, Zingalume ndi Mwangala, kutali ndi zipatala zazikulu, ndipo m'nyengo ya mvula misewu ya kumidzi imavuta kuyendamo. Wodwala amene wazindikira msanga cimene cikumucitikira amakhala ndi nthawi yofika kucipatala akali ndi mphamvu.

Vutoli ndi lotani

Njira ya cakudya imayambira kukamwa, kudutsa kum'mero, kulowa m'cifu, kupitirira m'matumbo aang'ono ndi m'thumbo lalikulu, mpaka kotulukira cimbudzi. Magazi angathe kucokera pa malo ena alionse m'njira imeneyi. Madokotala amagawa vutoli pawiri. Kutaya magazi kwa kumtunda kumacokera kum'mero, m'cifu kapena kuciyambi kwa matumbo aang'ono. Kwa kumunsi kumacokera m'matumbo otsalawo ndi kotulukira cimbudzi.

Kutaya magazi kotere si matenda paokha koma cizindikiro ca matenda ena, ena ocizika mosavuta, ena oopsa. Munthu wamkulu amakhala ndi magazi okwana pafupifupi malita 5. Akataya lita limodzi ndi theka kapena kuposerapo m'nthawi yocepa, mtima umalephera kutumiza magazi okwanira ku ubongo ndi ku impso, ndipo moyo umakhala pa ngozi.

Zilonda za m'mimba

Cimene cimayambitsa kawirikawiri kutaya magazi kwa kumtunda ndi zilonda za m'cifu ndi za kuciyambi kwa matumbo. Cilonda cikakula ndi kufika pa mtsempha wa magazi, mtsemphawo umabooka.

Kale anthu anali kukhulupirira kuti zilondazi zimabwera cifukwa ca nkhawa kapena tsabola. Mu 1982, madokotala awiri a ku Perth m'dziko la Australia, a Barry Marshall ndi a Robin Warren, anaonetsa kuti m'cifu mwa odwala zilonda mumakhala kacilombo kamene tsopano kamachedwa Helicobacter pylori. Mu 1984 a Marshall anamwa dala tizilomboto kuti atsimikize kuti ndi timene timadwalitsa, ndipo mu 2005 awiriwa analandira mphoto ya Nobel. Kacilomboka kamalowa m'thupi makamaka munthu akali mwana, ndipo kamafala kwambiri kumene anthu amakhala mothinana komanso kumene madzi aukhondo ndi osowa. Kafukufuku wa ku Lusaka amene anafalitsidwa mu 2001 anapeza kuti mwa akulu 100 alionse amene anapimidwa, 81 anali ndi zizindikiro za kacilomboka m'magazi. Ambiri mwa anthu amene ali nako sadwala, koma ena amacita zilonda, ndipo owerengeka amadwala khansa ya m'cifu.

Coyambitsa caciwiri ndi mankhwala opha ululu monga aspirin, ibuprofen amene ambiri amawadziwa kuti Brufen, diclofenac ndi indomethacin. Mankhwalawa amafooketsa citetezo ca khungu la mkati mwa cifu. Alimi amene amamva msana ndi mawondo kuwawa pa nthawi yolima kapena yokolola cimanga, nshawa ndi soya, amatha kugula mapiritsiwa m'tumasitolo ndi kumamwa tsiku ndi tsiku, nthawi zina asanadye kanthu, mwinanso mitundu iwiri pa nthawi imodzi. Ngozi imakula kwa okalamba, kwa amene anadwalapo zilonda, ndi kwa amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin. Fodya ndi mowa zimacedwetsa kupola kwa cilonda.

Mitsempha yotupa ya kum'mero

Magazi ocokera m'matumbo amayamba adutsa m'ciwindi asanabwerere ku mtima. Ciwindi cikauma ndi kucita zipsera, magaziwo amasowa podutsa ndipo amafuna njira zina, makamaka mitsempha yaing'ono ya kumunsi kwa m'mero. Mitsemphayi imatupa, ndipo ikaphulika munthu amasanza magazi ambiri ofiira popanda cenjezo lililonse. Uku ndiko kutaya magazi kumene kumapha mofulumira kwambiri.

M'Zambia, zinthu zitatu ndizo zimadziwika kwambiri pa kuononga ciwindi motere. Coyamba ndi likodzo. Anthu ambiri amadziwa likodzo la m'cikhodzodzo, limene limacititsa mwana kukodza magazi, koma palinso likodzo la m'matumbo. Tizilombo take timakulira m'nkhono za m'madzi osathamanga ndipo timalowa pa khungu munthu akamasamba, kucapa, kuwedza nsomba kapena kutunga madzi othirira dimba. Mazira ake amakatsakamira m'ciwindi, ndipo patapita zaka zambiri kapamba amatupa, mimba imakula, kenako munthu amayamba kusanza magazi. Madokotala a pa University Teaching Hospital ku Lusaka, kuphatikizapo a Edford Sinkala, afufuzapo za odwala a mtundu umenewu, ndipo boma la Kaoma m'cigawo ca Kumadzulo limadziwika kuti lili ndi likodzo lotere lambiri. Kulikonse kumene anthu amadalira madamu, madambo ndi mitsinje, monga mmene zilili m'midzi yambiri ya ku Chadiza, ndi bwino kukhala ceru ndi matendawa.

Caciwiri ndi matenda a ciwindi a hepatitis B, amene amafala kudzera m'magazi, m'kugonana, ndiponso kucokera kwa mayi kupita kwa mwana. Cacitatu ndi kumwa mowa kwambiri kwa zaka zambiri, makamaka mowa waukali monga kacasu. Mu 2012 boma linaletsa mowa wa m'timapaketi wochedwa tujilijili cifukwa ca mmene unali kuonongera anthu, makamaka acinyamata, koma mowa waukali wa mtundu wina uliwonse umavulaza ciwindi mofananamo.

Zoyambitsa zina za kumtunda

Kusanza mwamphamvu kobwerezabwereza, monga kwa munthu amene waledzera kwambiri kapena mayi wapakati amene akusanza kosalekeza, kungathe kung'amba khungu la pamalire a m'mero ndi cifu. Kawirikawiri masanzi oyamba amakhala opanda magazi, ndipo magazi amaoneka pa masanzi otsatira. Bala lotere nthawi zambiri limapola lokha, komabe ndi dokotala yekha amene angasiyanitse ndi zoopsa zina.

Khansa ya kum'mero ndi ya m'cifu nazonso zimatulutsa magazi, makamaka pang'onopang'ono. Maiko a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, makamaka Malawi, ali pakati pa maiko amene khansa ya kum'mero ndi yoculuka kwambiri pa dziko lonse. Cizindikiro cake cacikulu ndi kuvutika kumeza: poyamba nyama ndi nsima zimaima pakhosi, kenako phala, pomaliza ngakhale madzi.

Zoyambitsa za kumunsi

Mudzi, umene ndi kutupa kwa mitsempha ya kotulukira cimbudzi, ndiwo umayambitsa kawirikawiri magazi ofiira amene amadontha munthu akatha kudzithandiza. Umagwira kwambiri anthu odzimbidwa ndi amayi apakati. Cimbudzi couma cingathenso kung'amba khungu la pamalowo, ndipo pamenepo magazi amabwera ndi ululu wakuthwa.

Kamwazi, kumene kuli kutsekula m'mimba kwa magazi ndi cinanzi, amabwera ndi tizilombo ta m'madzi ndi m'zakudya zosasamalika, ndipo amaculuka m'nyengo ya mvula. Matenda a taifodi akapanda kucizidwa amacita zilonda m'matumbo aang'ono, zimene zimatha kutulutsa magazi kapena kubooka, kawirikawiri m'sabata yacitatu ya matendawo. Njoka zina za m'mimba, zimene zimalowera ku mapazi munthu akamayenda opanda nsapato pa dothi loipitsidwa ndi cimbudzi, zimayamwa magazi m'matumbo mosaoneka ndi maso, ndipo zimasiya ana ndi amayi apakati ali ndi magazi ocepa.

Kwa anthu amene ali ndi HIV ndipo citetezo cao catsika, khansa ya Kaposi ndi cifuwa cacikulu ca m'matumbo zingathe kutulutsa magazi. Kwa acikulire, coopsa kwambiri ndi khansa ya m'thumbo lalikulu, imene nthawi zambiri imayamba ngati kanjerewere kakang'ono ndi kukula kwa zaka zambiri. Khansayi imagwiranso anthu amene sanakalambe. Katswiri wa mafilimu wa ku America, Chadwick Boseman, anamwalira nayo mu 2020 ali ndi zaka 43.

Zizindikiro zooneka ndi maso

Kusanza magazi ofiira kapena oundana kumaonetsa kuti magazi akutuluka pa nthawi yomweyo. Masanzi okhala ndi timibulu takuda ngati masese a khofi amaonetsa kuti magaziwo anakhalako kanthawi m'cifu.

Cimbudzi cakuda bii ngati phula la pamsewu, conanda ndiponso ca fungo loipa kwambiri, cimatanthauza magazi amene agayidwa pocokera kumtunda. Magazi okwana mamililita 50 mpaka 100, amene sangadzaze ngakhale theka la kapu ya tiyi, ndi okwanira kudetsa cimbudzi motere. Anthu ambiri sacizindikira cizindikiro cimeneci, cifukwa m'cimbudzi cokumba munthu saona cimene watulutsa. Amene akukayikira angathe kuyang'ana mtundu wa zotsala pa cimene wadzipukutira.

Magazi ofiira kapena oderako amene asakanikirana ndi cimbudzi amacokera kawirikawiri m'thumbo lalikulu. Magazi amene angopaka pamwamba pa cimbudzi amacokera pafupi ndi kotulukira.

Zizindikiro zobisika

Magazi akamatayika pang'onopang'ono, thupi limasowa ayironi ndipo magazi amacepa. Munthu amatopa msanga, amapuma mwawefuwefu akakwera kamtunda kapena akamapalasa njinga, amamva cizungulire, mtima umagunda mofulumira, ndipo zikhatho, lilime ndi mkati mwa zikope zimayera. Bambo wamkulu kapena mayi amene anasiya kusamba akapezeka ndi magazi ocepa popanda cifukwa codziwika, madokotala amayamba kuganizira za m'mimba ndi m'matumbo kufikira atatsimikiza kuti kulibe vuto.

Zizindikiro zina zofunika kuzitengera kucipatala ndi kuonda popanda cifukwa, kukhuta msanga, kusintha kwa kacitidwe ka cimbudzi kopitirira masabata atatu, maso acikasu, ndi mimba yodzaza madzi.

Pali zinthu zimene zimasokoneza. Mapiritsi a ayironi amene amayi amalandira ku sikelo amadetsa cimbudzi, koma sicikhala conanda kapena ca fungo la magazi ovunda. Magazi a m'mphuno amene munthu wameza angathe kutuluka m'masanzi. Magazi otuluka pokhosomola, amene amakhala ofiira ndi a thovu, amacokera m'mapapo, ndipo amafunika kupima cifuwa cacikulu.

Nthawi yothamangira kucipatala

Munthu amene wasanza magazi, amene watulutsa cimbudzi cakuda ngati phula, kapena amene akutaya magazi ambiri kumunsi, ayenera kupita kucipatala tsiku lomwelo, ngakhale magaziwo atasiya, cifukwa amatha kuyambiranso mwamphamvu kuposa poyamba. Ngozi imakhala yaikulu ngati wodwalayo akukomoka poimirira, akutuluka thukuta lozizira, mtima ukugunda koposa 100 pa mphindi imodzi, wasiya kukodza, kapena wayamba kusokonezeka maganizo.

Podikira thandizo la mayendedwe, wodwala agonekedwe cam'mbali kuti masanzi asalowe m'mapapo, ndipo afunditsidwe. Asapatsidwe cakudya, mowa, mankhwala azitsamba kapena mapiritsi opha ululu. Abale atenge mankhwala onse amene wodwalayo wakhala akumwa, a kucipatala, a kusitolo ndi a kwa sing'anga omwe, kuti akaonetse madokotala. Mabanja ena akaona munthu akusanza magazi mwadzidzidzi amaganiza za kulodzedwa kapena kuthiridwa mankhwala m'cakudya, ndipo amataya maola ambiri pofufuza amene wacita zimenezo. Maola amenewo ndi amene amafunika kuti wodwala aikidwe madzi ndi magazi.

Kapimidwe ka kucipatala

Kupima kumayambira pa kiliniki ya kumudzi. Wazaumoyo amafunsa mbiri ya matenda, mankhwala, mowa ndi madzi amene wodwala amagwiritsa nchito. Amapima kuthamanga kwa magazi ndi kugunda kwa mtima, amakhudza pamimba kuti amve ciwindi ndi kapamba, ndipo angapime ndi cala covala gulovu kotulukira cimbudzi. Kupima komalizaku kumacititsa manyazi anthu ambiri, koma kumatenga kanthawi kocepa ndipo kumaonetsa mtundu wa cimbudzi, mudzi kapena cotupa.

Kenako amapima kuculuka kwa magazi. Malinga ndi bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO, magazi amakhala ocepa ngati hemoglobin yatsika pansi pa 13 kwa amuna, pansi pa 12 kwa akazi, ndi pansi pa 11 kwa amayi apakati. Pa maola oyamba a kutaya magazi kwadzidzidzi nambalayi imatha kuoneka ngati ili bwino, n'cifukwa cake imapimidwa kangapo. Cimbudzi cimapimidwa pofuna mazira a likodzo, njoka ndi tizilombo ta kamwazi, ndiponso magazi obisika. Magazi amapimidwanso hepatitis B ndi HIV, ndipo sikani ya pamimba imaonetsa mmene ciwindi ndi kapamba zilili.

Kupima kumene kumaonetsa malo enieni pamene magazi akucokera kumachedwa endoscopy. Dokotala amalowetsa pakamwa kapaipi kofewa kokhala ndi kamera ndi nyale, wodwala atakhala osadya kwa maola osacepera 6. Kupyolera m'kapaipiko angathe kumanga mitsempha yotupa ndi timphira, kutseka mtsempha wa pa cilonda, kapena kutenga kanyama kakang'ono kokapima khansa. Malangizo a madokotala amati wotaya magazi kumtunda apimidwe motere pasanathe maola 24 ngati n'kotheka. Kupima thumbo lalikulu kudzera kumunsi kumachedwa colonoscopy, ndipo wodwala amayamba wamwa mankhwala otsuka m'matumbo.

Wodwala wa ku Chadiza amacokera ku kiliniki kupita ku cipatala ca boma ca Chadiza, ndipo vuto likakula amatumizidwa ku Chipata Central Hospital, cipatala cacikulu ca cigawo. M'cigawoci mulinso zipatala za mishoni zodziwika, St Francis ku Katete ndi Mwami pafupi ndi Chipata. Ofunika akatswiri amatumizidwa ku University Teaching Hospital, kumene kupima kwa endoscopy kuli ndi kaundula woyambira mu 1977, ndipo odwala khansa amathandizidwa ku Cancer Diseases Hospital, cimene cinatsegulidwa mu 2007.

Kupima anthu amene sakudwala

M'maiko ena boma limapima anthu amene sakumva vuto lililonse, pofuna kugwira khansa ya m'thumbo ikali yaing'ono. Ku England anthu a zaka 50 mpaka 74 amalandira kabotolo kopimira magazi obisika m'cimbudzi pa zaka ziwiri zilizonse. Ku America, mu 2021 akatswiri anatsitsa zaka zoyambira kupima kucoka pa 50 kufika pa 45.

M'Zambia, kupima khansa kumene kwafika m'maboma ambiri ndi kwa khomo la ciberekero, kumene kunayamba mu 2006. Kupima kwa m'matumbo kumacitika makamaka kwa amene afika kucipatala ndi zizindikiro. Cotero udindo waukulu uli pa munthu mwini, kuti afotokoze zimene waona. Amene kholo lake kapena m'bale wake wa bere limodzi anadwala khansa ya m'thumbo ayenera kuuza dokotala, cifukwa amafunika kupimidwa akali wamng'onoko. Amene ali ndi matenda a ciwindi kapena kapamba wotupa amafunika kupimidwa kum'mero asanasanze magazi, cifukwa mankhwala a propranolol amacepetsa ngozi ya kuphulika kwa mitsempha.

Akatswiri a m'dziko muno akufunafunanso njira zosakwera mtengo. Mu 2018, a Violet Kayamba a pa University of Zambia ndi anzao anafalitsa zotsatira zoonetsa kuti kupezeka kwa magazi m'madzi a m'cifu kungathandize kusankha odwala amene akufunika kwambiri kupimidwa ndi kamera.

Cithandizo ndi kupewa

Wotaya magazi ambiri amaikidwa madzi a m'mitsempha, ndipo ngati pakufunika amaikidwa magazi. Magaziwa amasonkhanitsidwa ndi bungwe la Zambia National Blood Transfusion Service, limene limadalira kwambiri ana a sukulu za sekondale, motero amacepa masukulu akatsekera. Akulu amene amapereka magazi mwa kufuna kwao amathandiza kutseka mpata umenewu.

Zilonda zimacizidwa ndi mankhwala ocepetsa asidi monga omeprazole. Kacilombo ka Helicobacter kamaphedwa ndi mankhwala angapo omwera pamodzi kwa masiku pafupifupi 14, ndipo wodwala amene wawamaliza onse nthawi zambiri zilonda sizimubwereranso. Likodzo limacizidwa ndi praziquantel, amene Unduna wa Zaumoyo umagawanso kwa ana m'masukulu. Makolo amene amalola ana ao kumwa mankhwalawa amawateteza ku kusanza magazi akadzakula. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa makanda mu 2005, kutanthauza kuti ambiri obadwa caka cimeneco cisanafike sanalandire, ndipo angacite bwino kupimitsa.

Njira zina zopewera ndi zodziwika kale: kumwa madzi owiritsa kapena othira klorini, kukhala ndi cimbudzi pakhomo, kuvala nsapato, kusamwa mankhwala opha ululu kwa masiku ambiri popanda uphungu wa azaumoyo, ndi kucepetsa mowa ndi fodya. Cimanga ndi nshawa ziyenera kuumitsidwa bwino zisanalowe m'nkhokwe, cifukwa cuku cimene cimamera pa mbewu zonyowa cimatulutsa poizoni woononga ciwindi. Ndiwo zamasamba, nyemba, zipatso ndi ufa wa mgaiwa zimathandiza kupewa kudzimbidwa.

Cimene cimacedwetsa odwala ambiri ndi manyazi. Nkhani za cimbudzi sizikambidwa poyera pakati pa Acewa, ndipo bambo wamkulu amavutika kufotokozera namwino wa msinkhu wa mwana wake kuti akutuluka magazi kumunsi. Ena amangoti ndi mudzi, namakhala nao caka cathunthu, pamene cotupa cikukula mkati. Wodwala ali ndi ufulu wopempha kuonedwa pamalo obisika, kapena kubwera ndi m'bale amene amamukhulupirira. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko. Azaumoyo sangapime vuto limene sanauzidwe, ndipo zambiri mwa zoyambitsa kutaya magazi m'mimba ndi m'matumbo zimacizika ngati wodwala wafika msanga.